Kwa a Wapampando, pa Mlandu wa Paipi Yogogoda

Kwa Olemekezeka a Wapampando,
Komiti ya Eni Nyumba,
Eldermere Court, Washington Heights

Bwana Wapampando,

Ndagwada, ngakhale kuti mawondo angawa akagwada masiku ano amafuna anthu awiri owadzutsa. Ine ndine Anselmo Tavárez wa ku 3C, uja mapazi ake mumawamva pamutu panu inu muli ku 2C. Sukulu ndinangoidutsa panja, choncho kalatayi ndikunena pakamwa, akutayipa ndi Mayi Odessa Pettiford a ku 5C, amene anatayipa ku khoti zaka makumi atatu. Mukapezamo mawu okoma, ndi awo. Mukapeza oluma, ndi mano anga oikirirawa, nthawi zina amaterereka. Makope ena tamata pa chitseko cha chikepe ndi kochapira zovala, kuti aliyense aone m'mene timakukonderani.

Ndinalowa m'nyumba muno tsitsi lili bii, ntchito yanga ili yoyendetsa chikepe, kale chisanaphunzire kudziyendetsa chokha ndi kudziimitsa chokha pakati pa njira. Nyumbayi itasanduka kopaletivi ndinagula nawo gawo langa. Ndiye pa pepala ine ndi inu ndife ofanana, tonse eni nyumba. Koma musade nkhawa, sindinauze munthu.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Inu mwakhala nafe zaka ziwiri zokha, koma mwatimeta bwino, ena mpaka khutu. Ndiloleni ndithokoze mwa dongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa chochotsa benchi ya pakhomo. Tinkawonongerapo nthawi, kufunsana za nyamakazi ndi za ana amene saimba foni. Pamalo pake mwaikapo mtengo wapulasitiki wa m'mphika. Ndauyesa kangapo, ndi womvetsera wabwino, sudula munthu pakamwa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mayeso a agalu. Sindinadziwe kuti galu wofuna kukhala muno ayenera kuonekera pamaso pa komiti. Ka galu ka banja latsopano la ku 4A kanabwera katapesedwa, kanakhala chete mphindi makumi awiri, kanakhoza. Ine mukanandiyesa choncho ndikanalephera mphindi yachiwiri.

Chachitatu, ndipo ndi ichi chandichititsa kubwereka dzanja la Mayi Pettiford: Lamulo 41, loletsa kugogoda mapaipi.

Apa ndiyenera kuvula chipewa chifukwa cha khama lanu. Mutangolowa munamva paipi ya nthunzi ikugogoda tsiku lililonse seveni koloko m'mawa, ndipo monga munthu wophunzira munadziwa kuti paipi ikudwala. Munaitana pulambala. Anakhala tsiku lonse pansi ku ng'anjo, anatuluka wakuda ngati khala, nati yachira. M'mawa mwake: go, go, go. Munaitana wachiwiri, uja anabwera ndi chomvetsera cha adokotala n'kumapima khoma. Wachitatu anali katswiri wochokera kutsidya la mtsinje, anatilembera masamba khumi ndi awiri ofotokoza kuti madzi akulimbana ndi nthunzi. Palibe anadabwa kuti madzi amenewa amadziwa bwanji wotchi, kapena chifukwa chiyani amalimbana ndi nthunzi ngakhale mwezi wotentha wa Julaye ng'anjo itazima. Nthawi yonseyi ine ndinkakudutsani pa masitepe n'kumati mwadzuka bwanji bwana. Safunsa anadya phula, koma inu munadya ndi mbale yomwe. Anakuululirani ndi Bambo Gjon, woyang'anira nyumba, ataona kuti mukufuna kugumula khoma: "Bwana, siyani paipiyo, ilibe mlandu. Ndi nkhalamba zikuwerengana."

Tsopano poti zatulukira, imvani bwino, chifukwa katswiri uja sanalembe izi.

Nyumba ino inamangidwa nkhondo yachiwiri isanayambe, ndi anthu amene ankaganiza kuti khoma liyenera kukhala lokhuthala ngati la ndende. Mutha kukuwa m'bafa mpaka mawu kutha, woyandikana naye azingosenda mbatata. Chinthu chimodzi chokha chimene chimalowa m'zipinda zonse za mzere wathu wa C ndi paipi ija, yochokera ku ng'anjo mpaka ku nsanjika yachisanu ndi chimodzi. Ndiye seveni ikakwana, ine ndimayamba ndi supuni, katatu. Bambo Stavros Kalogeras a ku 4C amayankha ndi sipanala, chifukwa iwo zonse amachita mopitirira. Mayi Pettiford amagogoda kawiri, mwaulemu, ngati akupempha kulowa. Pomaliza Mayi Lotte Baumgarten a ku 6C, a zaka 93, amatseka ndi kamodzi. Tikamva kamodzi kameneko aliyense amateleka khofi. Nkhani yonse siitenga ngakhale mphindi imodzi. Tanthauzo lake ndi lalifupi: ndadzuka, nanga inu?

Anayambitsa ndi akazi athu, pamene ife amuna tinkawaseka. Akaziwo ambiri anapita, supuni anatisiyira.

Dzinja la dzana sipanala sinalire. Tinadikira pang'ono, Bambo Gjon anatsegula ndi kiyi wawo, tinawapeza Bambo Kalogeras ali gada m'bafa chiuno chitathyoka, akutukwana m'Chigiriki. Lero akuyenda, akutukwanabe. Ambulansi itafika anandigwira malaya nati, "Iwe chimutu, wachedwa, madzi azizira." Ndi m'mene amathokozera.

Ndikudziwa chimene munanena ku msonkhano, chifukwa munachinena mokoma: masiku ano kuli mafoni, kuli timabatani toitanira chithandizo tovala m'khosi. Zoona bwana. Mayi Baumgarten foni saimva, ngakhale italira m'thumba la chovala chawo. Kabatani mwana wawo wa ku Arizona anawatumizira, anakapachika m'khosi mwa mphaka, akuti iwo si mbuzi. Makutu awo anapuma kale. Chimene amachita ndi kugunditsa supuni pa paipi n'kudikira. Ife tikagogoda, supuniyo imanjenjemera m'dzanja lawo. Mayi amenewa dziko lonse amalimvera pamenepo.

Lamulo lanu munalilowetsa pansi pa zitseko Lachisanu, pa pepala lokongola, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Ife atatu tinawerenga, ndiye kuti anawerenga ndi Mayi Pettiford ife tikugwedeza mitu, tinagwirizana kuti timvere, poti munalembanso kuti wophwanya lamulo adzaitanidwa ku komiti ngati galu wa ku 4A. Cholakwa chathu n'chakuti aliyense anaganiza kuti mnzake wakawauza Mayi Baumgarten. Iwo pepala lanu anayalira mbale ya mphaka.

Loweruka m'mawa anagunditsa supuni yawo. Zii. Anadikira. Zii. Anagogoda okha, palibe woyankha. Ndiye anachita chimene munthu wolongosoka aliyense akanachita: anavala diresi lakuda, chipewa chakuda, anatenga ndodo yawo ya miyendo inayi, n'kuyamba kutsika kuti akaone maliro ayambira kwa yani. Chikepe, monga mukudziwa, chinali ndi chikwangwani chanu chija choti chikukonzedwa, chimene tsopano tachizolowera ngati chithunzi cha m'bale. Anatsika wapansi. Anagogoda kwa Mayi Pettiford, iwo ali kochapira. Kwa Bambo Kalogeras, iwo ali kogula buledi. Atafika kwa ine anali atatsimikiza kuti m'nyumba yonse atsala okha ndi mphaka. Nditatsegula, nthochi yokazinga ili kukamwa, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi, nati, "Anselmo, sunafe?" Ndinati ayi mayi, pepani. Anati, "Ndiye ulibe khalidwe. Munthu wamoyo amayankha."

Kuwabweza kumwamba kunatitengera ola lathunthu, ine kutsogolo, Bambo Gjon kumbuyo, mayiwo akutilangiza za kanyamulidwe. Tinaseka, inde. Koma pa sitepe ina phazi lawo linaphonya, ndipo pamenepo palibe anaseka.

Chiyambire tsiku limenelo timasinthana kukwera kukawaona. Onani gulu lake: ine wa mawondo awa, Bambo Kalogeras a chiuno chachitsulo, ndi Mayi Pettiford amene amapuma pa nsanjika iliyonse n'kumanamizira kuti akuyang'ana penti. Tikafika pamwamba, amene akufunika ambulansi ndi ife. Sitingathe mpaka kale, bwana. Tsiku lina mmodzi adzati ndipita mawa, ndipo mawa limenelo ndi limene tikuliopa.

Mayi Pettiford akuti ndifupikitse, riboni ya makina otayipira ikutha. Chabwino, koma pali kachinsinsi kamodzi kamene ndiyenera kukuululirani, poti kakukhudza inu.

Zaka ziwiri zonsezi, ife tikangoyamba kugogoda, inu mumatenga mtengo wa tsache n'kumenya siling'i yanu, pansi pa mpando wanga penipeni. Du, du, du! Inu mumati mukutikalipira. Ife tinkati mwalowa nawo. M'chipinda chanucho kale munkakhala malemu Bambo Horgan, ndipo ndi iwo ankayamba kugogoda m'mawa uliwonse. Atamwalira panatsala mpata, ndiye titamva tsache lanu tinati, ee, Mulungu watipatsa wina, waukali pang'ono koma wosunga nthawi. Kuyambira pamenepo ndinkawonjezera kugogoda kumodzi kopita kumwamba, kutanthauza kuti wa pansi wadzuka ndipo wakwiya bwinobwino. Mayi Baumgarten amakutchulani kuti kamnyamata ka tsache. Tsiku lija munapita ku ukwati wa mlongo wanu osatsanzika, anatituma kawiri kukanunkhiza pa chitseko chanu.

Mumakhala nokha, bwana, ngati ife. Tsitsi layamba kuchita mbuu m'mbali, ndaliona pa masitepe. Bafa lanu ndi lofanana ndi la Bambo Kalogeras, loterera mbali yomweyo. Sindikukuopsezani ayi, ndingayambire pati ine. Ndikungoti chaona mnzako chapita, ndipo mbali yotsalayo munaphunzira kusukulu.

Tsono pempho langa, ndi manja awiri. Lachinayi komiti ikukumana. Ngati n'kotheka, Lamulo 41 lipite kumene kunapita benchi. Ngati n'kosatheka, poti nzeru zanu n'zakuya kuposa zathu, tikupempha kuti ntchito ya paipi muitenge inuyo: seveni koloko iliyonse muzikwera kukaona ngati Mayi Baumgarten adzuka. Ndi masitepe makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi kuchokera pa khomo lanu, ndinawawerenga ndi mawondo. Mugogode mwamphamvu, samva. Musavale zakuda, angaganize zina.

M'envelopu muno mupezamo supuni. Ndi ya malemu Bambo Horgan, yopindika pang'ono koma mawu ake ndi abwino. Tsache limawononga penti, ndipo Lamulo 17 loteteza penti ndi lanu lomwe.

Pakali pano, chikhazikitsireni lamulo lanu, pansi panga pangoti zii masiku asanu ndi anayi, ndipo Mayi Baumgarten afunsa kale ngati atulutsenso diresi lija. Chonde bwana, mawa seveni koloko, menyani kamodzi kokha, tidziwe ngati kalatayi talembera munthu wamoyo.

Ine wanu wokhala pamwamba panu, koma pa nsanjika pokha,

Anselmo Tavárez, 3C