Tenti ya ku Chipoka ndi Nkhuku za Nambewe

Nkhani iyi ndimaikamba pamene mkazi wanga palibe, chifukwa iye saiseka.

Ndinali mphunzitsi watsopano pasukulu ina kufupi ndi Chipoka, masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi ya chipani. Mphepo itasasula denga la nyumba yathu, ndinauza mkazi wanga Nambewe kuti asade nkhawa, anakwatiwa ndi munthu wophunzira. (Mawu amenewa ndikanawameza.)

Pasiteshoni ya sitima bambo wina ankagulitsa matenti awiri, ina yazigamba, ina yobiriwira, yolimba ngati chikopa. Ndinaloza yobiriwirayo.

"Nanga bwanji ikununkha chonchi?" ndinafunsa.

"Ndi fungo la ku Ulaya limenelo, aphunzitsi. Ngakhale udzudzu suyandikira."

Ndinaimanga panjinga. Nditaikhoma pabwalo, Nambewe anagwira mphuno.

"Bambo, chinthu chothawitsa udzudzu, ifeyo chitisiya?"

Ndinamuyankha kuti za sayansi azisiyira ine.

Titagonamo, tinayamba ndi kumva mutu. Kenako maso anafiira, milomo yanga n'kutupa, moti ana a m'kalasi ankangoyang'ana pansi mapewa akugwedezeka. Nambewe anasamukira kukhitchini. Ine ndinakakamira m'tentimo, poti kutuluka kunali kuvomera.

Ndiye kunagwa mvula. Madzi otsika patenti ndinawatchera m'beseni, ndipo m'mawa ndisanapite kusukulu ndinathirira nkhuku, ndikudzitama kuti ndapulumutsa mkazi ulendo wa kunyanja.

Nkhukuzo sizinali wamba. Thadzi lake Nambewe anachita kupatsidwa ndi mayi ake tsiku limene tinkachoka kwawo ku Ntcheu, ndipo mayiwo anamwalira chaka chisanathe. Nambewe ankangoti "za amayi". Akamaziwazira madeya ankacheza nazo.

Masana ndinamupeza atakhala pansi, thadzi lakufa lili pamiyendo, anapiye atagona mbwee kuzungulira beseni.

Mlangizi wa thonje, amene ankadutsa panjinga, ananunkhiza tentiyo kamodzi n'kubwerera m'mbuyo. Anati linali lona lofunditsira migolo ya mankhwala opopera thonje, wina anangolisoka. Anandifunsa ngati ndinkagonamodi. Ndinati mwa apo ndi apo.

Ndinayembekeza kuti Nambewe andikalipira, mwina mtima wanga ukanapepuka. Sanatero. Anatenga khasu, nakumba patsinde pa mango, kuopa kuti agalu kapena ana a eni angatole. Ndinafuna kumulandira khasulo, koma anakana.

"Chimene amayi anandisiyira chinali chomwechi," anatero, maso ali kudzenje.

Mwezi utatha ndinamugulira nkhuku zina, zonenepa kuposa zija. Ankazidyetsa bwino ndithu, koma sindinamumvepo akucheza nazo.

Tsopano takalamba, ndipo ndimati ndinaphunzirapo. Komabe chilichonse chimene ndabwera nacho kuchokera kumsika, kaya ndi bulangeti kaya ndi thumba chabe, Nambewe amayamba wachinunkhiza, kenako n'kundiyang'ana. Ine ndimangoima pakhomo, chipewa m'manja, kudikira chigamulo.