Bango Loyezera Mazabodi

Lolemba

Katundu wafika! Dalaivala wa lole ya ku Joni wamutsitsa pa doko la Kachulu, ine ndamukweza pa njinga mpaka kuno. Otumiza ndi alamu anga a Saidi, achimwene awo a mkazi wanga Abiti Juma. Amagwira ntchito pa shopu ya makompyuta kumeneko. M'katoni muli:

— kesi ya kompyuta, yoyera mbee, m'kati mopanda kanthu;
— purosesa, ubongo wa makinawo, yakuda ngati kaseti, kumsana ili ndi mano achitsulo oziziritsira;
— magazini ya zithunzi.

Uthenga wa alamu ndi wa pakamwa. Ndisankhe mazabodi, thabwa lobiriwira lija limene zonse za m'kompyuta zimalumikizidwapo, ndipo ikhale yapamwamba. Dalaivala akubwerera Loweruka, akatenge yankho. Ndikalephera kusankha, alamu akuti amugulira bwato mng'ono wawo Yusufu, za kompyuta zithere pomwepo.

Bwato! Chaka cha 1998 chino!

Ndilephera bwanji ine, mphunzitsi amene ndinachita kosi ku Zomba n'kulemba dzina langa pa sikirini anthu akuona? Pamudzi pano ndatopa kutchedwa mkamwini wa choko, wosatha kupalasa bwato, woopa misundu ya m'munda wa mpunga. Sabata ino andidziwa.

Magetsi kulibe, inde. Imeneyo ndi nkhani ya m'tsogolo.

Lachiwiri

Ana ndawapatsa masamu ambiri kuti ndiwerenge magazini mwamtendere. Mazabodi zilimo zitatu:

1. Ya mpata wautali, purosesa imaima chilili. Yooneka bwino.
2. Ya soketi ya timabowo ngati sefa. Yotchipa. Ya anthu wamba.
3. Yolowa mapurosesa awiri! Mipata ya memore mbwee, kwina kolowetsa khadi ya zithunzi, kwina sindikudziwa kolowa chiyani, koma kulipo!

Mtima uli pa yachitatu. Purosesa ndili nayo imodzi, koma khola amamanga mbuzi isanaswe.

Yusufu wasuzumira pa phewa langa, fungo la nsomba guu. "Alamu, chimenechi chimapha matemba angati pa tsiku?" Munthu amene nyanja itauma zaka zapitazi ankangokhala pa khonde kudikira madzi sangandiphunzitse za tsogolo.

Madzulo Abiti Juma athyola bango, ayeza phazi lawo, adula, alisomeka kudenga pakhonde. Akuti dalaivala akapereke kwa achimwene awagulire nsapato. "Nanunso tangoyezani chinthu chanucho ndi bango, nde basi."

Sayansi kuyeza ndi bango! Ndaseka mpaka misozi.

Lachitatu

Tsamba la mazabodi yachitatu ija palibe!

Ndafufuza pansi pa mphasa, m'dengu, ngakhale m'mabuku a ana. Ndikutuluka panja, ndikupeza Yusufu pansi pa mtengo wa mango, ndudu ya chingambwe kukamwa. Pepala lopichirira fodyayo n'lobiriwira. Ndikuona ndi maso anga mipata ya memore ikupsa umodzi umodzi.

"Pepala lanu n'losalala, alamu, koma likutsokomoletsa."

Wasuta mazabodi ya mapurosesa awiri. Mtima ukuwawa, sindinama. Kumumenya sindingathe, mudzi ndi wa kwawo, ndiponso ali ndi manja okoka ukonde.

Zatsala ziwiri. M'mawa ndasankha yoyamba. Masana yachiwiri, poti mwina kudzichepetsa n'kwabwino. Madzulo yoyambanso. Abiti Juma akupeta mpunga osandiyang'ana n'komwe: "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Palibe anawafunsa.

Lachinayi

Ndanamizira mutu kusukulu. Ulendo wa ku Zomba kukafunsa akatswiri. Minibasi: anthu pamwamba pa anthu, dengu la milamba youma pa miyendo panga, purosesa m'thumba la jekete pafupi ndi mtima.

Amene anatiphunzitsa kosi uja akuti anasamuka kalekale. Ndapita kwa wokonza mawailesi mumsika. Waitembenuza purosesa, waigwedeza pa khutu, wainunkhiza. "Bwana, ichi n'cha vidiyo. Chinapsa. Koma mukafuna ndikhoza kukulandirani." Ndalanda chinthu changa.

Pofika pakhomo ndikuti ndiyeze kesi, ndione mazabodi yokwanamo. M'kesi muli nkhuku! Thadzi la apongozi, lakhala phee pa mazira, likundiyang'ana ngati ine ndiye mlendo.

Apongozi ndi ine sitiyankhulana maso ndi maso, mwambo sulola, choncho chigamulo chadzera kwa Abiti Juma: kesi isagwedezeke mpaka nkhukuyo itaswa anapiye. Awonjezeranso kuti bokosilo n'labwino, fungwe sangalowemo.

Lachisanu

Azibambo potuluka ku mzikiti adzera pakhomo kudzaona kompyuta ya aphunzitsi. Aona nkhuku. Mmodzi wafunsa ngati imayikira mazira a Chingerezi. Aseka mpaka zisoti kugwa. Nanenso ndaseka nawo, mano okha.

Atapita, ndikuti nditseke nkhani, ndilembe dzina la mazabodi yoyamba ija. Magazini yaonda! Masamba apakati Abiti Juma akulungira matemba a makasitomala. Zotsala:

— chikuto;
— mzungu akumwetulira, atanyamula ndodo ya gofu;
— theka la pulintala.

Dzina la mazabodi sindikulikumbuka. Linali zilembo ndi manambala. Munali P, kapena B. Mwina zonse.

Dzuwa likupendeka ndazemba kuseri kwa bafa, ndathyola bango. Ndayeza purosesa m'mbali mwa golide mmene imalowera mu mpata, ndadula bwinobwino, ndasomeka kudenga pafupi ndi la nsapato. Palibe wandiona, kupatula nkhuku.

Alamu a Saidi ndi anzeru. Akaona kutalika kwake adzamvetsa.

Loweruka

Dalaivala akunyamuka lero. Koma mphunzitsi wathunthu kudutsa pa Kachulu, pakati pa asodzi ndi makolo a ana anga, nditanyamula bango ngati wokagula nsapato za mwana? Ayi ndithu. Ndatuma Abiti Juma. Ndawauza kawiri kuti atenge mabango onse awiri, akanene kuti lalifupilo ndi la mazabodi.

"Musadandaule, aphunzitsi." Yusufu wadzipereka kuwakweza pa njinga. Pa njinga yanga.

Ndatsala ndikulota. Zolembedwa pa chitseko: SUKULU YA MAKOMPYUTA. Apongozi akundipatsa moni wa patali, mwaulemu, mwina ndi nkhuku yomwe.

Abwerako akuseka. Yusufu wandigulira chinangwa chootcha, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire ine pamudzi pano. Sindikuchikonda chikondi chimenechi.

Lamulungu

Bango langa lili kudenga. Lili pomwe ndinalisomeka.

Ndafunsa. Abiti Juma akuti mabango awiri akanamusokoneza dalaivala. "Nde ndinangotenga la munthu amene akudziwa chomwe akufuna." Nanga za mazabodi anamuuza chiyani? "Anayankha ndi Yusufu. Anati aphunzitsi akadaganiza."

Sananame.

Yusufu walawirira kwa wokhoma mabwato pa Kachulu. Wasiya uthenga woti bwato likatha ndidzalembepo dzina ndi penti, poti dzanja langa n'labwino.

Ndapita kukatenga purosesa m'jekete kuti mwina ndingoiyang'ana. Mulibe. Kuseri kwa nyumba kukumveka kwee, kwee, kwee. Apongozi akhala pa mphasa, chambo m'beseni, akupala mamba ndi mano achitsulo aja. Mamba akuuluka ngati mankhusu. Kunena zoona, ikupala bwino kuposa mpeni.

Ndabwerera mwakachetechete, ndakhala pakhonde pansi pa bango langa. Posakhalitsa Abiti Juma abwera ndi mawu ochokera kuseri. Apongozi akuthokoza kwambiri. Akuti chibwerere mkamwini pamudzi pano, aka n'koyamba kuti maphunziro ake afike m'mbale.