Chitseko cha ba Zulu

Lolemba

Ndili pamzere wa ufa, ba Mutinta a nyumba yoyandikana nane akundikoka chitenje. "Amai, simuziba? Ba Zulu banachoka kudala mu rumu yanu, bankala ku Kalingalinga. Bamene bagonamo ni benangu, balipila kuli beve."

Sindikudziwa ndithu. Za lendi ankayendetsa mwamuna wanga. Miyezi inayi ndinali naye kuchipatala, ndipo papita masabata asanu chimuikireni m'manda. Kuseri kwa nyumba, kumene kuli chipinda cha lendicho, sindinapondeko.

Zochita:
1. Kuthetsa pangano ndi ba Zulu.
2. Kutulutsa anthu osadziwikawo.
3. Kupaka laimu, kuika mabenchi, kuyamba kuphunzitsa ana masana. Penshoni ya uphunzitsi ikuthera pa sopo ndi mchere.

Pofika Lamulungu chipinda chikhale changa!

Lachiwiri

Ndikugogoda masana. Akutsegula bambo wamtali, maso ali psuu. Ndi ba Chanda, mlonda, amagona dzuwa likatuluka. Madzulo akubwera bana Mwila, mayi wogulitsa zitumbuwa, ndi ana ake awiri. Bedi limodzi, losazizira. Amangopatsana moni pakhomo.

M'mabuku onse amene ndawerenga, mwini nyumba amakhala munthu woipa, ndipo ine ndinkakhala mbali ya alendi. Lero ndayeserera nkhope yaukali pagalasi. Bana Mwila agwada, andipepesa maliro, andipatsa zitumbuwa ziwiri.

Ndadya. Kulakwa koyamba.

Lachitatu

Minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka Kalingalinga. Ba Zulu ali pansi pa mtengo, akupala thabwa. Sakukana kanthu. "Ni zoona, amai, vinthu vavuta. Rumu tengani. Koma munibwezele dipoziti yanga."

Ndikufunsa kuti zingati.

"Si ndalama. Badala banu banakana, ati kwacha isungunuka monga sopo. Ninabapasa chitseko cha mukwa, chopanga neka."

Chitseko basi? Akachotse! Ndikubwerera ndikuyimba chamumtima.

Kunyumba ndikuzungulira kuseri. Chitseko cha chipindacho ndi mgolo wophwanthidwa ndi hamala. Nanga cha mtengo wa mukwa chija chili kuti?

Lachinayi

Ndapeza kapepala m'dikishonale, pamene malemu ankabisa zonse. Dzanja lake lopendekera lija: "Chikole cha Zulu, chitseko chimodzi. Nchokongola kwambiri, chosayenera kuseri. Ndachiika kutsogolo."

Kutsogolo! Chitseko changa! Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuuza amayi a kutchalitchi kuti inali mphatso ya mwamuna wanga, iye ali pompo, akungomwa tiyi.

Aa, bambo inu. Ndaseka mpaka misozi, kenako misozi yapitiriza yokha.

Komabe sindibwerera m'mbuyo. Chitseko chipite, chipinda chibwere.

Lachisanu

Ndawapeza onse awiri pa nthawi yosinthana. Ndawauza mosabwereza kuti asamuke. Avomera mwaulemu. Kungoti nawonso anapereka chikole kwa ba Zulu, ndipo ba Zulu anatengera nzeru kwa malemu. Ba Chanda anabweretsa malata atatu. Bana Mwila, windo.

Ndisanamalize kuganiza, ba Chanda ali kale padenga ndi hamala. "Niyambile uku olo uku, amai?"

Zimene zingatsale akachoka:
makoma anayi,
chitseko cha mgolo,
thambo.

Ndathamangira kumsika kukafunsa mtengo wa malata. Wogulitsa wanditchulira, kenako wandipatsa mpando. Pobwerera ndauza ba Chanda kuti ayambe atsika kaye, ndikuganizabe. Ndidakali wolimba mtima. Ndikungoganiza.

Loweruka

Ba Zulu afika ndi wilibala. Ndinaiwala kuwatumizira mawu oti adikire, ndipo kunena zoona chitseko nchawo.

Kuseri kwake, pamsomali, pali jekete la malemu. Sindinaligwirepo chichokereni iye. Ba Zulu avula chipewa, alichotsa pang'onopang'ono, andipatsa ndi manja awiri. "Msomali nisiye?"

Ndati andisiyire. Auzula, auika m'dzanja langa.

Chitseko chikupita pawilibala, Chawama yonse ikuonerera. Mphepo ya Juni yalowa mpaka kuchipinda chogona osagogoda.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Nyumba yopanda chitseko sungaisiye.

Bana Mwila asoka matumba atatu a ufa, apachika pakhomo. Ba Chanda abwera kuchokera kuntchito, m'malo mopita kubedi akoka mpando, akhala pakhomo pomwepo, chibonga pamiyendo. "Ni nchito yanga, amai. Olo nili mtulo, kawalala saziba." Akuliza mkonono tsopano.

Za kusamuka palibe watchula. Inenso sindinatchule. Lendi azilipira kwa ine, yochepa yomweyo. Ana ndiziphunzitsa pabwalo mpaka mvula itayamba.

Kuseri kuli denga, windo ndi anthu anayi. Kuno kuli matumba pakhomo, jekete pampando, ndi msomali umodzi umene sindinapeze pokhomera.