A Phiri Ake Ati?

Lolemba
Ndabwerako kumaphunziro ku Boma, mutu uli tho. Akuti kunja kuli gulu la akazitape lomwe likuthyola makompyuta a zipatala ndi a boma lili khale kwawo. Pachipatala chathu chaching'onochi kompyuta ndi imodzi, koma muli matenda a anthu a dera lonse, ena oti ngakhale akazi awo sawadziwa. Zikatuluka, mabanja atha. Kalaliki ndine, mlonda ndinenso. Malamulo anga:
1. Mawu achinsinsi akhale achinsinsi.
2. Fulashi yachilendo ayi.
3. Uthenga wosadziwika kochokera, osadina!

Lachiwiri
Adokotala a Mwale akuti mawu achinsinsi atsopanowa ndi ovuta. Akundifunsa mokuwa, ine n'kuwanong'oneza, iwo n'kubwereza mokweza kuti atsimikize. Amayi onse a kusikelo awaloweza. Lamulo loyamba lapita.

Lachitatu
Anamwino a Nachisale alowetsa fulashi ya kwaya yawo. "Nyimbo za Mulungu zingakhale ndi kachilombo?" Lachiwiri lapitanso. Latsala limodzi, ndipo limeneli ndifa nalo.

Lachinayi
Wafika uthenga wosadziwika uja! Wotumiza sitikumudziwa. Akuti: "Uthenga wa maliro. A Phiri atisiya. Dinani apa." A Phiri ake ati? Kasungu muno ukaponya mwala ugwera a Phiri. Ali ndi a Phiri awo:
adokotala (atsibweni)
anamwino (amuna a achemwali awo)
wokolopa (iye mwini)
Onse akufuna kudina. Ndakhala pampando, mawusi ili m'thumba. Ndikunyada kwambiri.

Lachisanu
Palibe akundipatsa moni. A Nachisale akuuza odwala kuti maliro n'kulirana, ndipo tsiku langa ndidzadzikumbira ndekha manda. Wina wayamba kale kusonkhetsa ufa wa pamaliro osadziwa kokatula. Ndafotokoza kuti akazitape amatchera pomwe mtima uli wofewa. Adokotala akuti ndiye ine ndili pabwino, poti wanga ndi mwala.

Loweruka
Mayi a kunyumba akuti foni ya bambo awo ku Kaomba sikupezeka kuyambira Lachinayi. Apongozi angawo ndi a Phiri. Akhala akutsokomola chiyambire kusankha fodya. Mkamwini wosafika pamaliro a apongozi ake, angaonekerenso kuti?
Ndabwera kuntchito tsiku loti si langa. Ndayang'ana kumanzere, kumanja. Ndadina.
Palibe maliro, palibe dzina la mudzi. Kompyuta yangoyamba kulira ngati chigayo. Ndazula mawaya onse, ngakhale a ketulo, n'kuimbira akatswiri a ku Boma. Akuti kuzulako ndachita bwino. Za kudinazo angopuma mozama.

Lamulungu
Ndapalasa njinga mpaka ku Kaomba. Apongozi ali gwa m'chigafa, akudya chinangwa. Foni inagwera m'ndowa. Ndawagwira dzanja nthawi yaitali mpaka afunsa ngati ndamwa.
Kompyuta ipita ku Boma mawa kuti akaone ngati zinsinsi za anthu zatuluka. Mtima uli m'mwamba, ndipo m'tchalitchi ndimalephera kuyang'ana anthu ena kumaso.
Malamulo atatu aja ndafufuta. Latsopano ndi limodzi: uthenga wa maliro uzibwera ndi munthu wa panjinga, woti tingamufunse kuti a Phiri ake ati.