Leyofu ya Loweruka

Lolemba

Chiperoni kuyambira m'mawa, nkhungu ndi mvula yowaza. Mawondo akulira.

Ndatola kope la Takondwa lotsala masamba, ndiye ndikulembamo ine. Sukulu sindinapondeko, koma zilembo ndinazitola ndekha, zina pa mabokosi a tiyi ku fakitale, zina m'buku la nyimbo. Wondiseka kalembedwe abwere athyole tiyi amene ndinkathyola ine.

Takondwa ndi mdzukulu wanga, folomu 3. Mayi ake ali ku Joni. Chitisiyireni Aginesi, mkazi wanga, pakhomo pano tatsala awiri. Mwanayu watalika ngati bulugamu, polowa m'nyumba amachita kuwerama.

Zimene wabwera nazo lero kuchokera kusukulu:

1. Awauza alembe chimangirizo, mutu wake "Ngwazi yanga". Akapereke Lolemba likubwerali.
2. Zithunzi zitatu za anthu olimbana ndi atsamunda. Wina m'busa, wina wandevu ndi kachipewa, wina mayi wokunga chibakera. Wazimata pakhoma ndi phala. Zaphimba kalendala ya mpingo!
3. Nkhani yoipa. Akutafuna chinangwa akuti, "Agogo, Loweruka timu yathu ya basiketibo ili ndi leyofu. Tikaluza basi, zathera pomwepo, aliyense kwawo."

Leyofu! Ndamva ndi makutu angawa.

Ine leyofu ndimaidziwa. Mvula ikatha, tiyi akasiya kuphuka, kapitawo amaima pa sikelo ndi pepala n'kumatchula mayina. Wotchulidwa amatula dengu, kwawo. Zaka makumi anayi pa esiteti, mwezi ngati uno mtima unkakhala m'mwamba. Lero afika nayo mpaka kwa ana asukulu?

Pulani: sitalaka. Monga tsiku lija tinagadabuza madengu n'kuwakhalira mpaka kapitawo anapinda pepala lake. Ndikaipulumutsa timuyi, mwanayu adziwa kuti ngwazi siili pakhoma, ili pa mpando wa ndalema pomwe pano. Chimangirizocho chikhala cha ine. Dzina langa likawerengedwe m'kalasi, mmene mwini wakene sindinalowemo.

Lachiwiri

Kusaka asilikali. Amene tinakhalira madengu tsiku lija:

Asanu ali kumanda.
Mmodzi anapita kwa mwana wake kwa Mphuka, akuti sazindikiranso anthu.
Mmodzi ndi mkulu wa mpingo tsopano. Akuti sitalaka ndi kusamvera olamulira. Iyeyu, amene anagenda njinga ya kapitawo ndi chibuluma!
Atsala a Namakhwa. Miyendo ilipo, makutu anapita.

Ndafika kwawo, ndapereka moni m'chiyankhulo chathu. "Moseliwa, alamu?" Zii. Ndakuwa kuti tikachite sitalaka. Akuti, "Thalakitala ya ndani?" Ndakuwanso mpaka nkhuku zabalalika. Avomera, bola ndiwaphikire kalongonda, nyemba zija zowiritsa tsiku lonse.

Asilikali awiri. Si ochepa. Davide anali yekha.

Masana ndayamba kumuthirira mwanayu nkhani ya madengu, pang'onopang'ono, ngati sindikufuna. Iye maso ali pakhoma. Akuti, "Agogo, ine ndaganiza. Ngwazi ndi munthu amene amayamba kukana ena onse akuopa. Wachiwiri ndi wotsatira chabe."

Mawu amenewa sindinawakonde. Wachiwiri walakwa chiyani? Nanga wachinayi?

Ana amasiku ano. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wayamba kale kuyeza anthu akufa pa sikelo. Akayankhula motukula chibwano chonchija ndimaona Aginesi. Ndimayang'ana kumbali.

Lachitatu

Ndapita kukaona malo a ntchito. Kabwalo kasimenti kuseri kwa sukulu, mbali ya ku Luchenza.

Ndapeza vuto lake. DENGU LAWO NDI LOBOWOKA PANSI!

Ana akuthamanga, thukuta kamukamu, kuponya mpira m'dengu, mpira n'kugwera pansi. Kuponyanso, kugwanso. Tsiku lonse! Pa sikelo akapita ndi chiyani? Ngakhale ndikanakhala kapitawo ine, leyofu ndikanaipereka. Ndipo dengulo alipachika pamtengo kutsogolo kwawo. Dengu limakhala kumsana. Munthu wodziwa ntchito saliyang'ana n'komwe: masamba awiri ndi kansonga, dzanja paphewa, phwa, zalowa.

Ndapempha mpira kuti ndiwaonetse. Ndafulatira. Ndaponya. Wakagwera m'beseni la mayi wogulitsa zitumbuwa. Vuto ndi mpirawo, ngolemera kuposa tsamba.

Mphunzitsi wawo wamasewera, amamutcha a Kochi, mnyamata wa ku Rumphi waulemu wake. Ndamuuza kuti za leyofuzi sitilola. Akuti, "Adada, si leyofu. Ndi puleyofu."

Ndamufunsa: oluza amatani? Akuti amatuluka. Amapita kuti? Akuti kwawo. Chaka chino amabweranso? Akuti ayi, mpaka chaka chamawa.

Nanga ine ndimati chiyani?

Mabwana ndi choncho. Amaika kachilembo patsogolo kuti zisawawe. Ifenso ankatiuza kuti "mukapume kaye". Pu yemweyo!

Takondwa wabwera mondinong'oneza: "Agogo, chonde, pitani kunyumba." Anzake akuseka m'malaya. Ndapita, koma mwakufuna kwanga.

Lachinayi

Ndati nkhondoyi ndiiyambire kumwamba. Ndapita kwa mkulu wa mpingo uja kuti sitalaka wakana, koma pemphero asakane. Akuti sangathe. Timu yosewera ndi ana athu ndi ya kwa Nsabwe, ndipo mdzukulu wake ali momwemo. Anayamba kale kupemphera Lolemba. Anditsogolera ndi masiku atatu!

Ndamufotokozera Takondwa posenda nandolo. Sanaseke. Akuti, "Ndiye Mulungu amvera ndani, agogo? M'busa ali pakhomayu ankapemphera. Amene ankalimbana nawo aja ankapempheranso, buku lake lomwelo. Ine ndikapemphera ndimangoti manja anga asanjenjemere, basi."

Ndamuuza kuti nandolo akugwera pansi.

Aginesi akanayankha. Mapemphero ake anali aafupi ngati kuitana nkhuku, koma ankafika.

Kenaka mwana watulutsa imene amabisa. Loweruka kubwera anthu ochokera ku Blantyre kudzasankha atsikana. Wosankhidwa akaphunzira sukulu yogonera komweko n'kumasewera timu yaikulu. Wanena maso ali m'lichero.

Tsono ndawerengera bwinobwino.

Akaluza: leyofu, akhala pakhomo pano, tizidya awiri.
Akawina: apita. Nditsala ine, mpando, ndi anthu atatu apakhoma osayankhula.

Sitalaka yangayi ndikumenyera kuti andichokere?

Ndagwada kuti ndipemphere. Ndafika pa "Atate, Loweruka mulole kuti..." ndipo ndaima pomwepo. Ndanena Ameni. Adziwa okha.

Lachisanu

Zokonzekera:

Chikwangwani. Ndalemba pa katoni ndi khala: LEYOFU AYI. Zilembo zazikulu ngati za pa bokosi la tiyi. Ndachiyanika pa mpanda, chiperoni chabwera, tsopano pakuoneka YOFU basi.
Madengu awiri. Langa, ndi la Aginesi limene lakhala kudenga chimwalirireni. Ndalitsitsa. Lamba wake akadali wopindika mmene linkakhalira phewa lake. Ndakhala nalo pamiyendo kanthawi. Fumbi linandilowa m'maso.
Kalongonda wa a Namakhwa. Ndawiritsa kuyambira m'mawa, kutaya madzi kangapo, nkhuni zonse zatha.

A Namakhwa abwera, adya, akhuta. Ndiye mwana wawafunsa za tsiku la madengu. Ndayesa kutsokomola. Munthu wosamva kumutsokomolera n'kutaya nthawi.

Akukuwa mudzi wonse kumva: "Anayamba ndi agogo ako aakazi! Atamva dzina la mnzawo wapakati likutchulidwa, anagadabuza dengu, khale! Osayankhula kanthu. Wachiwiri malemu Feliya. Wachitatu ine. Awa? Awa amamanga chingwe cha nsapato kuseri kwa tiyi. Nsapato zake za jombo, zopanda chingwe!"

Bodza. Zinali ndi kachingwe kumbuyo.

Takondwa wangoti kukamwa yasa, kenaka wathamangira kope. Akulemba, akufunsa, akulemba. Anavala chiyani? Ankaopa? Kapitawo anati chiyani? Ine palibe wondifunsa.

Ndikanamuuza kuti Aginesi ankaopa. Ndinaona chala chake chaphazi chikukumba dothi. Ndine ndekha ndinachiona, chifukwa kuseri kwa tiyi kuja kunkaoneka bwino.

Chimangirizo chapita. Koma sitalaka ilipobe. Munthu sabweza mawu chifukwa cha gonthi wokhuta.

Loweruka

Makabaza awiri, madengu pamiyendo. Wakabaza akufunsa ngati tikupita kumsika.

Anthu mbwee pabwalo. Tagadabuza madengu m'mphepete penipeni, takhala. Manja pachifuwa. Nkhope zolimba. Ndauza a Namakhwa ndi manja kuti sitidzuka mpaka leyofu ithetsedwe.

Palibe wazindikira kuti ndi sitalaka.

Bambo wina akuti, "Madala awa ndi ochenjera, abwera ndi mipando yawo." Mayi wina wafunsa ngati madenguwo ndi amalonda. A Kochi atipatsa moni n'kutipempha tisunthe pang'ono, tikutsekereza mzere. Tasuntha, koma chokhala, osadzuka.

Mpira wayamba. Malamulo ake sindikuwamva. Wezulo pyee, pyee, ngati ya kapitawo. Mdzukulu wa mkulu wa mpingo ndi wamfupi koma ngwothamanga ngati gwape, pemphero la masiku atatu lija likuoneka. A Namakhwa agona.

Takondwa! Mwana amene amaiwala madzi pamoto, pano akuloza anzake poima, akukuwa, onse akumumvera. Wagwa, bondo lasupuka, wadzuka osaliyang'ana. Chibwano m'mwamba.

Chakumapeto anthu akuti zigoli zafanana. Mpira uli m'manja mwake. Atsikana awiri amutchinga. Mumtima ndikuti fulatira, mwanawe, ponya chakumsana monga ndinakuonetsera! Sanafulatire. Walumpha, wayang'ana dengu maso ndi maso, waponya.

Manja sananjenjemere.

Mpira walowa, watulukira pansi, ndipo ndapezeka ndili chiimire, chipewa m'mwamba, ndikukuwa dzina la Aginesi.

Ndadzuka pa dengu. Sitalaka ndaithetsa ndekha. A Namakhwa okha ndi amene anakhalabe, chifukwa cha tulo.

Ana a kwa Nsabwe akutola zikwama zawo mwakachetechete, ena akulira. Nkhope zimenezo ndimazidziwa, ndinkaziona pa sikelo chaka ndi chaka. A Kochi anene zimene anganene, ndi leyofu. Ndakamugwira dzanja mkulu wa mpingo.

Kenaka mayi wa ku Blantyre waima pakati ndi pepala. Pepala! Ngati la kapitawo lija. Watchula mayina atatu. Lachiwiri ndi la Takondwa.

Moyo wanga wonse sindinaonepo munthu akutchulidwa pa pepala anthu n'kululutira.

Lamulungu

Kutchalitchi nyimbo ndaimba yapansipansi. Mawu anatsala ku bwalo.

Masana mwana wandikhazika pa mpando wanga kuti andiwerengere chimangirizo. Masamba atatu. Aginesi, Aginesi, Aginesi. Chitenje chake, dengu lake, kukhala kwake chete. Za chala chaphazi ndamuuza lero, waziwonjezera m'mphepete.

Ine ndilimo kamodzi, kumunsi kwa tsamba lachitatu. Ndamuuza abwereze, ndipo ndakopera pano mmene zilili:

"Agogo anga aamuna anakhala achinayi. Poyamba ndinkaganiza kuti wachinayi si kanthu. Koma woyamba akakhala yekha, anthu amati wapenga. Achinayi atakhala, ena onse anakhala. Ndipo iwo anakhala pambali pa agogo aakazi mpaka dzuwa kulowa, n'kupitiriza zaka makumi anayi ndi zisanu."

Za nsapato sanalembe. Mwana waulemu.

Mzere umodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Si yochepa kwa munthu amene sanalowe m'kalasi. Mawa dzina langa lilowa, ngakhale lili kumunsi.

Watenga kachithunzi ka Aginesi ka pa chiphaso chakale cha ku esiteti, wakamata pakhoma pakati pa m'busa ndi wandevu uja. Kang'onong'ono ngati sitampa. Akuti azindiyang'anira iye akachoka. Wandevuyo akuoneka kuti wayamba kale kuopa.

Anyamuka teremu ikatha. Wapempha dengu la agogo ake aakazi kuti aziikamo zovala. Ndati ndiganize kaye. Ndamupatsa.

A Namakhwa atumiza uthenga kufunsa ngati sitalaka inatheka, ndiponso ngati kalongonda watsala.

Ndiye leyofu yagwera ine. Palibe pepala, palibe kapitawo, palibe wokamukhalira dengu. Ndi pu wake patsogolo kuti isawawe. Ikuwawabe.

Chiperoni chabweranso. Mwana ali panja akudunda mpira pakhonde, du, du, du. Kale phokosoli ndinkamukalipira nalo. Lero ndatsegula zenera.

Nyumba inonso ndi dengu lobowoka pansi. Mwana wanga ndinamuikamo, anatulukira ku Joni. Mdzukulu ndamuikamo, akutulukira ku Blantyre. A Kochi akuti mpira ukatulukira pansi, ndiye kuti wagoletsa.

Chabwino. Ndagoletsa kawiri.