Biriwita ya Amayi Panjira ya ku Yofu

Anzanga, inu mumandiseka kuti ngakhale popita pafupi pomwepa ndimasenza dengu, nthawi zina lopanda kanthu m'kati. Sekani ndithu, koma lero mumve chimene chinandiphunzitsa.

Chinali chaka chimene ndinabwerera ku Likoma nditamaliza sekondale kumtunda. Anali atandipatsa kalasi ya atsikana ku Chipyela, yoti ndiyambe Lolemba. Koma mbiri inali itandipitirira kale, yoti Selina mwana wa amwalimu Matiya wabwera ndi matama, salankhula ndi anthu. Amene ankaikokera kwambiri anali azakhali anga a Dorika a ku Yofu, mlongo wawo wa bambo. Iwo ananena poyera kuti mtsikana wosatha kupereka moni sangaphunzitse ana a eni, ndipo adzukulu awo sawatumiza. Amayi ena anali atayamba kuvomereza. Matama ati, anzanga? Ine ndi manyazi basi! Munthu wamkulu akandiyang'ana m'maso, mawu anga amathawira m'mimba ndipo sabwerako mpaka iye atachoka.

Ndiye Lachisanu ndinapeza nzeru. Kusukulu kuja tinali ndi mphunzitsi wina, mayi wa ku Mangalande, amene Loweruka ankatitenga kukayenda m'mapiri, osapita kwa munthu, osakatenga kanthu, kungoyenda n'kumaona dziko. Ine ndinkazikonda. Ndinati mawa ndichita zomwezo: ndichoka ku Chipyela, ndidzera ku Khuyu, ndikafika ku Yofu n'kubwerera, ndipo aliyense wokumana naye ndimpatsa moni wogwada, aone okha kuti mwana wa Matiya ali ndi mwambo.

M'mawa mwake amayi analawirira kumunda. Bambo anali atangotuluka m'chipatala, chifuwa chitawagoneka milungu itatu, moti dzina lawo linatchulidwa m'mapemphero m'tchalitchi chachikulu, chilumba chonse chikumva. Tsikulo anali bwino, atatsamira pa mpando pansi pa mtengo wa mango, akusinza. Sindinafune kuwadzutsa. Ndinaona kuti diresi yanga yoyera ida ndi fumbi, ndiye ndinatsegula bokosi la amayi n'kutenga nsalu yawo ya biriwita, yakuda bii, yosaonetsa litsiro. Ndinaikulunga m'chiuno, mbali ina n'kufunda kumutu poopa dzuwa. Zaka zinayi ndili kutali, ndinali nditaiwala kuti nsalu imeneyi amayi amaitulutsa tsiku lotani. Ndinavala nsapato zanga za kusukulu, n'kunyamuka manja lendelende.

Njira inayamba bwino, ndisaname. Mukatuluka m'Chipyela kanjira kamakwera pang'onopang'ono pakati pa miyala ikuluikulu, kutsika m'minda ya chinangwa, kukweranso, ndipo mukacheuka mumaona nsanja za tchalitchi zikusuzumira pamwamba pa mitengo, kuseri kwake mapiri a kwa Apwitikizi ali buluu. Milambe ili apa ndi apo, ina yotupa ngati nkhokwe, mbuzi zikubisala m'mithunzi yake. Ndinkangoti, kodi anthu akuno amadziwa kuti kwawo n'kokongola chonchi? Chovuta chinali mpoto, mphepo ija ya panyanja. Unkawomba kuchokera kutsogolo, kundithira mchenga m'maso, ndipo nsapato ya kumanzere inali itayamba kale kundidya chidendene.

Pofika ku Khuyu maso anali psuu, misozi ili chuchuchu. Pafupi ndi kasukulu kakale ka miyala, kamene bambo anayambira uphunzitsi ali mnyamata, ndinapeza amayi anayi akusenda chinangwa. Ndinati poyambira ndi pano. Ndinagwada kumapeto kwa bwalo, ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka! Wamkulu mwa iwo, a Rebeka, anasiya mpeni.

"Si mwana wa amwalimu uyu? Taonani nsaluyo, anzanga."

Wina anathamangira mphasa, wina chikho cha madzi. Ine chifukwa cha manyazi ndinangopukusa mutu, kukana zonse ziwiri.

"Sakhala pansi," a Rebeka ananong'oneza anzawo. Kenako anandifunsa mofatsa, "Ukupitirira ku Yofu, kwa azakhali ako?"

Ndinagwedeza mutu, dontho la msozi n'kugwera pa nsalu.

"Pita, mwanangu, usadzivute n'kulankhula. Ife tamva."

Ndinachoka mtima uli m'malo. Ndinati, taonani kukoma mtima kwa amayi a ku Khuyu, aona kuti ndine wamanyazi ndipo sanafune kundiumiriza! Ine wophunzira sekondale, osadziwa kuti kwathu kuno munthu sayenda chabe. Woyenda amasenza nkhuni, nsomba, makaka a chinangwa, kapena mtsuko. Mkazi akatulukira m'mudzi chimanjamanja, atafunda biriwita, maso ali ofiira, n'kukana mphasa ndi madzi omwe, ndiye kuti wanyamula chinthu chimodzi chokha, uthenga wa maliro.

Panjira ya ku Yofu ulemu unachita kunyanya. Bambo wina wovala jekete la ku Joni anapatuka kulowa m'udzu, n'kuvula chipewa mpaka nditadutsa. Ndinati, kani anthu amalemekeza sukulu chonchi! Mayi wina ataona ndikutsimphina anandiimitsa, anagwada, anandivula nsapato, n'kung'amba kansalu kumphepete kwa mpango wake kundimanga pa thuza. Pomaliza anandisisita phazi kawiri. Dzina lake sindikulidziwa mpaka lero, koma dzanja lake ndimalikumbukira.

Ndiye ku Yofu. Azakhali anali pakhonde akupeta. Moni ndinali nditaukonza bwinobwino njira yonse. Ndinagwada patali pang'ono. Iwo anakweza maso, anayang'ana ine, anayang'ana nsalu, lichero linagwa pansi.

"Mayo ine! Achimwene anga ine! Mwandisiya ndi yani?"

Apa ndiye pamene nzeru zanga za sekondale zinagwira ntchito. Bambo ndinawasiya akusinza, ali bwinobwino, choncho za iwo sindinaganize n'komwe. Koma azakhali ali ndi mchimwene winanso, bambo aang'ono a Yohane, amene anali ku Halale zaka zambiri. Ndinati, ogo, sitima ya dzana yabwera ndi kalata, bambo aang'ono atisiya, ndipo ine ndafika pa nthawi yoipa. Kodi mwana woleredwa bwino akapeza maliro amatani? Amafunsa kuti wamwalira ndani? Ayi. Amagwada n'kulira nawo. Ndiye ndinalira, anzanga. Mawu amene anakana kutuluka pa moni, pa kulira anatuluka onse. Ndinakumbukira kuti bambo aang'ono ananditumizirapo kachipewa kofiira ndili mwana, ndipo ndinalira zenizeni.

Azakhali anandikumbatira, anandipukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu yawo. "Mwana wa achimwene, wayenda wekha mtunda wonsewu ndi phazi lotupa! Ndipo ine ndimakunena!" Ine mumtima ndinati, basi, atsikana a ku Yofu ndawapeza.

Mudzi unasonkhana. Wina anafunsa kuti nanga bwanji belu la maliro la kutchalitchi silinamveke, mnzake n'kumuyankha kuti ndi mpoto uwu ungamve chiyani. Azakhali anamanga nsalu m'chiuno n'kunena kuti tiyeni ku Chipyela. Ine ndinaona kuti n'zoyenera, bambo ayenera kuuzidwa za mng'ono wawo. Ndinatsogolera, nsapato zili m'manja, njira yonse ndikuda nkhawa kuti munthu wongotuluka kumene m'chipatala aulandira bwanji uthenga wotere.

Pamphambano tinapeza a Rebeka ndi amayi a ku Khuyu akutidikira, atasenza ufa ndi mitolo ya nkhuni. Inu mukudziwa mmene nkhuni zimavutira pachilumba pano, zochita kuoloka nazo pa bwato kuchokera kutsidya, koma aliyense anasolola pa zake. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, tonse tinalandira. Nditacheuka pa chitunda ndinaona mzere wa anthu ukutsika n'kukwera ndi kanjira, pakati pa milambe, mpaka kumene maso analekera. Ndinati, kani bambo aang'ono ankakondedwa chonchi, munthu woti anachoka kalekale!

Titayandikira kwathu azakhali anakweza maliro. Ndinakhota pa mpanda, anthu ali pambuyo panga, ndipo apo bambo ali khale pa mpando wawo, thaulo lili pakhosi, bango lakupsa la mumtengomo lili m'manja, madzi ake akuyenderera m'chigongono.

Nyimbo inaduka pakati. Kumbuyo, amene sanaone, anapitiriza pang'ono, kenako nawonso zii.

Bambo anaimirira, anayang'ana nsalu imene ndinafunda, nkhope yawo inasintha. "Selina! Amayi ako?"

"Ine ndili pano," anatero amayi, akutulukira kuseri kwa nyumba khasu lili paphewa. "Nanga biriwita yangayo ikutani m'thupi mwako?"

Azakhali anayandikira pang'onopang'ono, n'kuwagwira bambo pamkono, kuwatsina ndithu.

"Achimwene, muli moyo?"

"Ndinali moyo mpaka mwanditsinamu. Wamwalira ndani, Dorika?"

"Inuyo!"

"Ine? Liti?"

Ine ndinalowererapo ndi kamawu kakang'ono. "Si bambo aang'ono a Yohane kodi?"

"Yohane watani?" azakhali anatembenuka. "Yohane walemba kalata dzana lomweli, akufuna timutumizire usipa!"

Maso onse, a ku Yofu, a ku Khuyu, ndi a ku Chipyela amene anali atathamangira phokoso, anagwera pa ine. Ndinalakalaka mlambe utang'ambika ndilowemo. Bambo anapukuta manja pa thaulo, n'kundifunsa ndi mawu awo a m'kalasi.

"Selina, ku Yofu unakatani?"

Nthawi imeneyi mawu anatuluka, omveka mpaka kumpanda. "Ndimangoyenda, bambo."

"Kupita kuti?"

"Osapita kulikonse. Kungoona zitunda ndi midzi."

"Zitunda zatani?" anafunsa a Rebeka, mtolo ukadali pamutu. "Zasuntha?"

Amene anayamba kuseka ndi azakhali. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, misozi ya maliro isanaume, kuseka mpaka kugwira nthiti. Kenako bwalo lonse. Bambo anayendayenda pakati pa anthu akugwirana nawo chanza mmodzimmodzi, akuti zikomo pobwera, ndaona ndi maso anga kuti tsiku langa simudzandichititsa manyazi, koma nyimbo ija mwaiyamba pamwamba kwambiri, mudzaitsitseko. Nkhuni palibe anafuna kubwerera nazo. A Rebeka anati zafika pakhomo pa wodwala, zikhale. Amayi anasonkha moto, anthu anamwa tiyi ndi chinangwa chophika, ndipo ine ndinazungulira ndi ketulo, kugwadira aliyense, moni ukutuluka wokha popeza manyazi onse anali atathera pa mpanda paja.

Pochoka azakhali anandikoka khutu pang'ono. "Iwe ndinakunamizira. Matama ulibe. Chimene ulibe china ndi nzeru, koma munthu wolira chonchija chifukwa cha Yohane, amene sanamuone chikhalire, ana angamuzolowere."

Lolemba m'kalasi munalibe pokhala. Adzukulu a azakhali anali kutsogolo, ena ochokera ku Khuyu atakhala pansi, ena akusuzumira pawindo. Ndinadziwa ndithu kuti sanabwerere masamu, anabwera kudzaona mphunzitsi amene anapha bambo ake m'mawa n'kuwaukitsa masana. Koma anabwera, ndipo Lachiwiri anabweranso.

Kuyenda sindinasiye, njira ya ku Yofu ndimaikondabe, makamaka chinangwa chikaphuka. Koma ndinalumbira: biriwita ya amayi sindidzaikhudzanso, chimanjamanja sindidzayendanso, ndipo ndikamalowa m'mudzi, ndisanagwade n'komwe, ndimayamba ndafuula ndili patali, "Kunyumba onse ali moyo!" A Rebeka mpaka lero amayankha kuti, "Tikaone tokha!"