Tambala wa apongozi pakhomo la nyumba ya zojambula

Lolemba

Pakamwa panga pandipachika. Nthawi ya buleki, aphunzitsi tonse tili pansi pa mtengo wa mango. A Madamu atsopano aja, ochokera ku Blantyre, akukamba za nyumba ya zojambula ya m'tauni mwawo, ati zithunzi zake zazikulu ngati chitseko. Ine, mphunzitsi wa zaluso pasukulu pano kuyambira kalekale, ndingokhala duu? Ndikuti, "Aaa, kumene kuja ndi kwathu. Ngakhale alonda ake amandidziwa."

Bodza lamkunkhuniza! Ku Blantyre ndimangodziwa depoti ya ku Limbe basi.

A hedi akuwomba m'manja: "Ndiye Lolemba likudzali muwafotokozere ana pa asembule." Ndafa ine.

Pulani: Loweruka ndipite, ndikaone, ndikalembe m'kope, ndibwerere. Asadziwe munthu.

Lachiwiri

Ndauza mayi a ana okha. Okha!

Zotenga:
- jekete la ukwati lija
- kope latsopano
- mabolopeni awiri
- nsapato (polishi, yakumanzere ikufunanso msomali)

Ndikuyeserera kaimidwe ka anthu odziwa zithunzi: manja kumbuyo, mutu kupendeketsa, kenako "mmm." Mayi a ana akufunsa ngati khosi layambanso.

Lachitatu

Chinsinsi chafika pa mjigo. Kuchoka pa mjigo chafika kumsika.

Che Bwanali a golosale andiimitsa pamsewu: "Aphunzitsi, tamva muli ndi ulendo. Kampunga pang'ono aka, mukamusiyire mwana wanga ku Limbe." Kampungako ndi thumba londifika m'chiuno. Ndikuti, "Palibe vuto." Nanga ndikanatani? Munthu anatithandiza pa maliro a bambo anga ameneyu.

Mayi a ana akulumbira kuti anangouza mchemwali wawo yekha.

Lachinayi

Zotenga zasintha:
- mpunga wa Che Bwanali (Limbe)
- nzimbe zinayi za mkulu wa kwaya (Bangwe)
- ndowa ya ufa ya anaPhiri oyandikana nafe (Ndirande, "nyumba ya buluu, aliyense akuidziwa")
- kope, ngati dzanja litsale

Kuno munthu sapita kutauni manja ali lende. Ndikudziwa. Ineyo ndatumapo anthu kambirimbiri, lero chandigwera.

A Madamu pakhonde: "Kodi chithunzi chimene mumachikonda kwambiri kuja ndi chiti?" Ndikuti, "Chapakona chija." Akumwetulira. Kamwetulidwe kawo sindikukakonda m'pang'ono pomwe.

Lachisanu

Apongozi afika ndi tambala. Wofiira, wamaso aukali. Akhala potero, akulankhula kudzera kwa mwana wawo: tambalayu apite kwa mlamu wanga ku Chilomoni, mkazi wake wachira, mwana wamwamuna. Apongozi sakanidwa. Ndanjuta, ndalandira ndi manja awiri, ndathokoza. Kuthokoza ine!

Ndikuyeserera kaimidwe kaja tambala ali kukhwapa. Sizikutheka.

Loweruka

Pa Songani mbandakucha. Kondakitala akuyang'ana katundu: "Bwana, mukusamuka?" Tambala pamiyendo. Tisanafike pa Naisi wasiya kale chizindikiro chake pa jekete la ukwati.

Limbe: foni ya mwana wa Che Bwanali yazima. Maola awiri nditakhalira thumba.

Bangwe: "Simungapite osamwa tiyi." Tiyiyo madzi ake akukatunga kumene.

Ndirande: nyumba za buluu ndawerenga zisanu ndi ziwiri. Ufa ndasiya pa yachisanu ndi chimodzi. Mulungu andikhululukire ngati si yomweyo.

Chilomoni: loko pachitseko. Sanawatulutse kuchipatala. Oyandikana nawo akukana kusunga nkhuku ya eni. Tambala ndi wanga.

Nyumba ya zojambula! Magalasi okhaokha, pansi pakuwala. Kwatsala pang'ono kutseka. Mlonda: "Bambo, ogulitsa nkhuku amadzera kuseri." Ndikuti ndabwera kudzaona zithunzi. Akuyang'ana jekete. "Nkhuku silowa."

Kumbuyo kwanga mawu: "Aphunzitsi!"

A Madamu. Abwera kudzaona makolo awo, ali ndi anzawo awiri onunkhira pefyumu. Nthaka iwe, ng'ambika ndilowe! Akuyang'ana ine, akuyang'ana mlonda, akuyang'ana tambala. Sakufunsa ngati ameneyu ndi mmodzi wa alonda ondidziwa aja. Akungoti, "Bweretsani ndikugwirireni. Lowani msanga asanatseke."

Bola akanandiseka.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Ndauza mayi a ana kuti mutu.

Tambala wabwerera kumudzi, akulira panjapa ngati palibe chachitika. Apongozi atumiza uthenga kawiri.

Kope ndatsegula: tsamba loyera mbee. Ndinalowadi, ndinazungulira chipinda chonse. Ndikuyesa kukumbukira chithunzi ngakhale chimodzi. Mwina panali cha phiri? Kapena linali dengu? Maso anga onse anali pawindo, kwa a Madamu ataima padzuwa, diresi loyera, tambala wa apongozi kukhwapa, anzawo atatalikira. Potuluka anandipatsa tambala wanga nati, "Muyende bwino." Basi. Manyazi ake mpaka pano chakudya sichikulowa.

Mawa asembule. Ndiima kutsogolo, ndiwauze ana kuti Loweruka lapitali ndi pamene ndinapitako koyamba, ndipo sindinaone kanthu. A Madamu afotokoze okha. Ine ndikhala pansi ndi anawo, ndimvetsere nawo.